Kukwera phiri la Zomba m'mawa nkutsika madzulo, mmene ndimayendera ine

Ambiri a ife mu Zomba muno phiri timangoliyang'ana tikafuna kudziwa ngati mvula ibwere kapena tiyanike zovala basi. Munthu wabadwira ku Chinamwali, sukulu waphunzira konkuno, wakwatira, ana akula, koma pa mathithi a Williams Falls kuphiriko sanapondepo phazi, ukamufunsa akuti aaa zimenezo nza azungu ndi anthu a magalimoto. Ineyo zimandiwawa ndithu, chifukwa madzi amene timatunga pa mpopi tsiku ndi tsiku amachokera komweko, ndipo anthu amawononga mafuta kuchoka ku Lilongwe, ena kukwera ndege kumene, kudzaona chinthu chimene ife chili kuseri kwa nyumba. Nde ndati ndilembe mmene ndimachitira ndikafuna kukwera m'mawa nkutsika tsiku lomwelo, osagona kumtunda komanso osaboola thumba.

Tiyambe ndi kudziwa kumene tikupita. Phiri la Zomba si paki ngati Liwonde kapena Nyika ayi, musayembekeze njovu kapena mbidzi. Ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa a nthambi ya zankhalango, ndipo inakhazikitsidwa kale kwambiri mu 1913 nthawi ya atsamunda, Zomba ili likulu la dziko (likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975). Mukaliona muli pa depoti limaoneka ngati khoma limodzi lalitali, koma mukafika pamwamba mumapeza kuti ndi dziko lina lake, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 130, pakati pake polowa ngati mbale, m'mbali mwake nsonga zingapo, yaitali kwambiri ndi Malumbe ya mamita 2,087. Tawuni yathuyi ili cha pa mamita 900 ndi kenakake. Ndanena manambalawa dala kuti mumvetse zinthu ziwiri, kumtunda kumazizira kuposa kuno, ndipo phiri lonse simungalimalize tsiku limodzi olo mutakhala wamphamvu bwanji.

Nde chinthu choyamba, musananyamule nkomwe chikwama, gwirizanani kuti mukupita mbali iti, imodzi yokha. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amafuna damu, mathithi, malo oonera patali a Emperor's View ndi dzenje la Chingwe zonse pa tsiku limodzi wapansi, mapeto ake 5 koloko ikuwapeza pakati pa nkhalango miyendo itakana. Ngati nkoyamba, kapena muli ndi ana, kapena mwatenga mayi anu, pitani ulendo wa kumadzi: damu la Mulunguzi, Mandala Falls, pa Trout Farm mpaka Williams Falls, nkubwerera. Ngati muli anyamata ndi atsikana ozolowera kuyenda, pitani ku Queen's View ndi Emperor's View kudzera ku damu la Chagwa, umenewu ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Dzenje la Chingwe lili mbali ina kutali, kumeneko nkofuna galimoto yokwera bwino, ndinenapo kumapetoku.

Chachiwiri ndi mwezi. Ine ndimakonda April ndi May, mvula itangosiya kumene, udzu ukadali wobiriwira, mathithi ali ndi madzi ambiri ndipo kumwamba kuli mbee moti phiri la Mulanje limaoneka ngati lili pa Jali pomwepa. June ndi July kumakhalanso bwino koma kuzizira kwake si masewera, chiperoni chikabwera mutha kukhala tsiku lonse osaona kanthu koma chifunga. September ndi October njira zimakhala zouma bwinobwino koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse, zithunzi zimatuluka zotuwa. Nthawi ya dzinja kuyambira December mpaka March ndimalangiza kuti mungokafika pa damu kapena pa hotela ya Ku Chawe pamene pali tara, zolowa m'kati musiye. Miyala imaterera, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi olo mvula isanagwe pamene mwaima inuyo, imakhala yagwa kumtunda. Agogo athu amakamba za Napolo amene anatsika phiri lomweli mu December 1946 nkukokolola milatho ndi nyumba, anthu nkufa, ndipo ife tomwe tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'mapiri a kum'mwera kuno mu March 2023. Phiri likakhuta madzi lisiyeni kaye.

Za kunyamula, musachulutse koma izi zokha musasiye. Juzi kapena jekete, olo mutadzuka dzuwa likuswa mtengo ku Matawale, itengeni. Nsapato zotseka zokhala ndi mapazi ogwira, osati masilipasi, osatinso nsapato zatsopano zomwe simunaziyendere, matuza ake mudzalira nawo potsika. Madzi malita awiri munthu mmodzi ngati mukuyenda wapansi. Chakudya chophikiratu kunyumba, mbatata yootcha kapena yophika, chinangwa, mazira owiritsa, mtedza, nthochi, zitumbuwa, buledi, kaya mpunga mu kontena, chilichonse chosavuta kudya mutakhala pa mwala. Kumtunda chakudya chokhazikika chili ku hotela ndipo mitengo yake ndi ya hotela. Amayi tengani chitenje chapadera, chimagwira ntchito zambiri, kuyala pansi, kufunda, kumanga bondo wina akabinya. Jumbo imodzi yopanda kanthu yoikamo zinyalala zanu. Foni ikhale yodzaza moto chifukwa netiweki imabwera nkumapita, ndipo foni ikamasakasaka netiweki batire imatha msanga. Ndalama tengani ya m'manja, yosinthasintha, musadalire Mpamba kapena Airtel Money, mutha kupezeka mwagwirizana mtengo ndi wogulitsa koma meseji yosatuluka. Pamakhalanso tindalama tolipira pa geti ndi pa damu, timasinthasintha ndi mmene kwacha ikuyenderamu, nde ikani padera kenakake ndipo mukalipira pemphani lisiti.

Ndipo uzani munthu mmodzi kunyumba kuti mwapita mbali yakuti, mubwera nthawi yakuti. Nkhani yaing'ono koma ndi imene imathandiza zinthu zikavuta.

Tsopano kakweredwe. Maminibasi sakwera kuphiri, zimenezo chotsani m'mutu. Muli ndi njira zitatu. Ya galimoto yanu kapena takisi, msewu ndi wa tara mpaka pa Sunbird Ku Chawe, mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono kuchoka m'tawuni, koma ndi wokhotakhota kwambiri, mbali ina phompho, nde dalaivala asathamange ndipo aziimba hutala m'makona chifukwa mumakumana ndi anyamata akutsika ndi njinga zodzaza nkhuni ndi matabwa, mabuleki awo nthawi zina ndi phazi pa tayala. Ngati ndi takisi kambiranani mtengo wopita ndi wobwera musanakwere, mutenge nambala yake, mumuuze nthawi yodzakutengani ndi malo ake enieni. Njira yachiwiri ndi kabaza wa njinga yamoto, wotchipirapo, koma sankhani amene ali ndi helemeti ndipo musalole kukwera awiri pa njinga imodzi pa msewu umenewu, chonde.

Njira yachitatu ndi imene ndimaikonda ine, wapansi kudzera Potato Path. Dzinali linabwera chifukwa ndi njira imene anthu ankatsitsira mbatatesi kuchokera kumtunda kupita nayo ku msika, ndipo mpaka lero ndi njira ya anthu ogwira ntchito, si ya alendo okha. Imapatuka pa msewu wokwera kuphiri mukadutsa dera la nyumba zakale za boma, nkukatulukira kufupi ndi Ku Chawe. Popatukira pake funsani, aliyense wa kumeneko akulozerani, paja safunsa anadya phula. Ndi yoimirira ndithu, munthu wamba amatenga ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri. Nyamukani 6 koloko, osati 9, kuti thukuta lalikulu likuchokeni dzuwa lisanakwere. Yendani pang'onopang'ono, mapazi afupiafupi, mukaona kuti simungathe kulankhula ndi mnzanu chifukwa cha befu ndiye kuti mwathamanga, chepetsani. Ndipo musayende nokha, khalani atatu kapena kuposa, nkhani zolandidwa mafoni m'njira za kuphiri zimamvekako apo ndi apo, si za tsiku lililonse ayi koma gulu ndi gulu.

M'njiramu mukumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, nkhata pamutu, thukuta lili chuchuchu, khosi lili nji osatha kutembenuka, ena ali ndi mwana kumbuyo. Apatukireni inuyo, imani kumbali yakumtunda muwasiyire njira, chifukwa munthu wasenza mtolo wotero akangoima molakwika pa mtsetse amagwa. Apatseni moni, mwadzuka bwanji mayi, ayankha osakuyang'anani chifukwa maso ali pansi. Ndipo musawajambule osapempha. Ndimaona anthu akutulutsa foni ngati aona chodabwitsa, pamene munthu ali pa ntchito yoti ana adye madzulo.

Mukatulukira pa Ku Chawe pumani kaye. Apa ndi pamene pali moyo wonse wa kuphiri, ogulitsa ziboliboli, ogulitsa miyala yonyezimira ija amakumba m'mapiri a Zomba ndi Malosa, ndi ogulitsa zipatso. Zipatso zake abale. Masitirobere m'timbale, mabulosi, magalagadeya, ndi tina tachikasu tija timamera m'tchire tokhala ngati mabulosi koma towawasira pang'ono, mukatiika m'kamwa timangosungunuka. Zimatengera nyengo, si zonse zimapezeka nthawi imodzi. Langizo langa ndi loti pokwera mugule kambale kamodzi kodyera m'njira, mutsuke ndi madzi anu a m'botolo, zopita nazo kunyumba mudzagule potsika, apo ayi zikafika zitaphwanyika m'chikwama zasanduka phala. Kunenerera mtengo nenererani, ndi chikhalidwe chathu, koma musafinye munthu mpaka kumulanda, ena mwa ana amenewa athyola zipatsozo m'minga kuyambira mbandakucha.

Pomwepanso mupeza anyamata operekeza alendo, magaidi. Ku ulendo wa kumadzi mutha kupita opanda gaidi ngati pagulu panu pali wina anafikako. Koma ku Queen's View, Emperor's View kapena kwina kulikonse kutali, tengani gaidi, musaumire. Chifukwa chake nchakuti kumtunda kuli misewu yafumbi yambirimbiri ya odula mitengo, yofanana yonse, zikwangwani nzochepa, ndipo malo amasintha, pamene chaka chatha panali nkhalango ya paini lero mupeza zitsa zokhazokha. Gwirizanani mtengo poyamba, wa gulu lonse osati wa munthu mmodzimmodzi, mumuuze nthawi imene mukufuna kukhala mutabwerera, ndipo pa nkhomaliro mugawireni chakudya, mwayenda naye tsiku lonse ndi mnzanu ameneyo.

Kuchoka pa Ku Chawe kupita pa damu la Mulunguzi ndi pafupi, mphindi zochepa chabe wapansi. Damu limeneli ndi la Southern Region Water Board ndipo ndi limene limamwetsa mzinda wonse, nde mukafika imani pa khoma lake muyang'ane bwinobwino, madzi ali phee, obiriwira chifukwa cha chithunzi cha mitengo, m'mawa kumakhala kankhungu kakuyenda pamwamba pake ngati utsi wa m'khitchini. Ana auzeni kuti madzi a pa mpopi wa kwathu aja ndi awa. Ine mwana wa mchemwali wanga nditamuuza anakhala chete kanthawi kenako akuti amalume nde tikasiya mpopi wosatseka amachepa ndi awawa? Ndinati eya, ndi omwewa. Apa musasambe, musachape, musataye kanthu. Damu ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira zedi moti olo wodziwa kusambira minofu imatha kumugwira.

Kuchoka apo tsatani mtsinje wa Mulunguzi chokwera. Mandala Falls ili pafupi, mathithi aang'ono koma malo ake ndi ozizirira bwino, apa ingojambulani nkupitirira. Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi la pakati pa apa ndi Williams Falls, chifukwa m'mbali mwa mtsinje mwatsala mitengo yachilengedwe, ikuluikulu, ya ndere m'makungwa, yosiyana ndi paini wobzala uja amene pansi pake sipamera kanthu. Mukalowamo mpweya umasintha, kumanunkhira dothi lonyowa ndi masamba owola, phokoso ndi la madzi ndi mbalame basi. Zimitsani sipika apa chonde. Nyimbo mukamvera kunyumba. Mukakhala chete mphindi zisanu zokha muyamba kuona zinthu, agulugufe, timbalame tamitundu, mwina anchima akudumpha m'nthambi kumwamba, kuona maso a nkhono nkudekha. Pali anthu amachoka maiko akutali kudzafuna kambalame kotchedwa white-winged apalis kamene kamapezeka m'nkhalango zochepa kwambiri mu Africa muno, ndipo Zomba ndi amodzi mwa malo ake.

Koma maso azikhalanso pansi. Linthumbu limadutsa m'njira zimenezi, mzere wakuda bii ngati chingwe, mukaima pamenepo osaona limakwera mwakachetechete mpaka m'chiuno kenako nkuyamba kuluma lonse nthawi imodzi. Mukaliona dumphani, muchenjeze wakumbuyo, osaima pafupi. Likakukwerani palibe kuchitira mwina koma kupita kuseri kwa mtengo nkuvula kulichotsa limodzilimodzi. Anyani nawonso alipo, makamaka malo amene anthu amadyera. Musawapatse chakudya, mukawapatsa kamodzi amazolowera nkuyamba kulanda, ndipo mwana asayende yekha atagwira nthochi m'manja. Kumunsi kwa phiri nthawi yachilimwe samalaninso ndi chitedze, musamangogwira tchire lililonse pokwera.

Mudutsa pa Trout Farm, pamene kuyambira kale ankaweta nsomba za trout zimene azungu anabweretsa chifukwa zimafuna madzi ozizira. Pali malo abwino okhala pansi, ambiri amadyera pamenepa. Ine ndimapirira njala mpaka pa Williams Falls.

Williams Falls si mathithi aatali ngati mmene ena amaganizira, kukongola kwake nkwakuti madzi amatsika pa miyala yokhala ngati masitepe, kugawikana, kukumananso, oyera ngati mkaka, pansi nkupanga kadziwe. Mukavula nsapato nkuviika mapazi, mphindi yoyamba mumamva ngati mafupa akusweka ndi kuzizira, kenako kutopa konse kwa Potato Path kumachoka. Khalani pamenepa nthawi yokwanira, yalani chitenje, tulutsani mbatata ija, musathamangire kujambula nkumapita. Chenjezo limodzi lalikulu, miyala yakuda yonyowa ija imaterera ngati sopo. Achinyamata amakonda kukwera pamwamba pa mathithi kuti ajambulitse chithunzi cha pa Facebook, ndipo ndi pamene anthu amathyoka. Kumbukirani kuti kuchoka pamenepo kukafika ku chipatala chachikulu m'tawuni ndi ulendo, ndipo munthu wothyoka mwendo amafunika kumunyamula. Loweruka ndi masiku a holide pamadzaza, magulu a mpingo, ana a sukulu, a ku UNIMA, nde ngati mukufuna bata pitani pakati pa sabata kapena mufike isanakwane 10.

Ngati munasankha ulendo wa kumadzi, apa ndi pothera, bwererani njira yomweyo modekha, 2 koloko muli pa Ku Chawe, nthawi ikadalipo yambiri.

A ulendo wautali aja, inu pa Williams musakhalitse. Njira imapitirira chokwera mpaka ku damu la Chagwa, laling'ono, lachete, lozunguliridwa ndi mitengo, kenako nkukafika kumphepete kwa phiri kumene kuli malo awiri oonera patali. Queen's View anaitcha choncho chifukwa cha mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anafika kuno mu 1957, ndipo Emperor's View ndi chifukwa cha mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie amene anabwera mu 1965, nchifukwa chake ma Rasta amawalemekeza kwambiri malo amenewa ndipo mukawapeza ali pa mapemphero awo apatseni ulemu. Malo awiriwa ndi oyandikana. Kuchoka pa Ku Chawe kupita ndi kubwera wapansi werengerani maola 5 kapena 6, kuphatikiza kupuma, nde ngati mwakweranso Potato Path m'mawa muone kuti tsikulo ndi lalitali bwanji. Ambiri amachita bwino kukwera pa galimoto mpaka pa Ku Chawe nkuyambira pamenepo.

Zimene mumaona mukaima pamenepo ndi zimene zimandipangitsa kubwererako chaka ndi chaka. Phiri limangoduka pansi pa mapazi anu, kabawi akuuluka kumunsi kwanu osati kumwamba, mzinda wonse uli pansi ngati timabokosi ta machesi, mumayamba kulozerana, uko ndi ku Chirunga, uko ku Sadzi, msewu wa ku Blantyre uwo. Kutsogolo chigwa chonse mpaka nyanja ya Chilwa ikunyezimira ndi chilumba cha Chisi pakati, ndipo kukakhala koyera Mulanje ali poteropo, wabuluu, mutu uli m'mitambo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira, ndipo ina mwa mitsinje imene imaidyetsa ngati Likangala ndi Domasi imayambira m'mapiri omwe mwaimawa. Mukaziona ndi maso kuchokera pamwamba mpamene mumamvetsa kuti matemba a ku Kachulu ndi mpunga wa kuchigwa zimadalira phiri lomweli. Kumphepete musayandikire kwambiri, mphepo imawomba mwadzidzidzi, ndipo ana agwireni dzanja.

Lamulo langa ndi loti 1 koloko ikakwana, kulikonse kumene ndafika, ndimatembenuka. Ndinaliphunzira movutika. Chaka china mu July tinapita anthu anayi opanda gaidi chifukwa ndinkati njira ndikuidziwa, tinafika ku Queen's View mochedwa, tikudya chifunga chinangotulukira kuchokera kumunsi, mphindi khumi zokha mnzako ali apo osamuona. Pobwerera tinafika pa mphambano imene ndinkaizindikira ndi mitengo italiitali, mitengo ija anali atadula yonse. Tinayenda pafupifupi ola lathunthu njira yolakwika, kukuzizira, mmodzi wa ife anali ndi malaya okha akunjenjemera mano ali gwegwegwe, mafoni opanda netiweki. Anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene tinamumva akutsokomola m'chifungamo, atanyamula chikwanje ndi kathumba. Anatiyang'ana nkuti ana anga, kumene mukulowera uku mukagona m'tchire, tiyeni. Anatiperekeza mtunda wautali ndithu kusiya njira yake, mpaka pamene tinamva phokoso la mtsinje, nkuti tsatani madziwa musawasiye. Tinafika pa tara kuli mdima. Chifunga chikakupezani musabalalike, musayese njira zachidule, khalani pa msewu waukulu wafumbi, ndipo mukakumana ndi munthu funsani.

Za dzenje la Chingwe mwachidule. Lili mbali ya kumadzulo, msewu wake ndi woipa, wofuna galimoto yamphamvu ndipo nthawi ya mvula osayesa. Dzenje lenilenilo ndi bowo lakuda lobisika m'mitengo, akuluakulu amati kale ankaponyamo adani a mafumu ndi anthu odwala khate, ndi malo oti munthu umafikapo mwaulemu. Chokoka kwenikweni ndi chigwa cha Shire chimene chimaonekera kumeneko. Lipatseni tsiku lakelake.

Pali nkhani ina imene sindingaisiye. Mukamayenda muona nokha mapiri ena ali mbee ngati mutu wometa, zitsa zakuda ndi moto. Paini wa kuphiri anabzalidwa kuti azidulidwa ndithu, imeneyo si nkhani, vuto ndi kudula kosabzalanso, kudula mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mitsinje, ndi moto wa chaka chilichonse umene umapha timitengo tongobzalidwa kumene. Ife okayenda tsiku limodzi sitingathetse zonsezo koma mbali yathu tichite. Musakoleze moto paliponse, ofuna kuotcha nyama achite pa malo okonzedwa ndipo azimitse ndi madzi mpaka phulusa lizizire. Osuta asataye chotsalira cha fodya mu udzu, mu September kamoto kamodzi kamatha phiri lonse. Mabotolo, mapepala a masiwiti, matewera a ana, zonse mu jumbo ija nkutsika nazo. Musazule maluwa kapena timitengo kuti mukabzale kunyumba, kuno kumunsi nkotentha sitikaphuka. Ndipo mukamva kuti kuli tsiku lobzala mitengo kuphiri nthawi ya dzinja, pitani, tengani ndi ana omwe.

Potsika ndi pamene anthu ambiri amavulala chifukwa atopa ndipo akuthamangira kunyumba. Ngati mukutsika Potato Path yambani isanakwane 4 koloko, miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko ndi theka ndipo mbali ya tawuniyi mthunzi wa phiri umafika msanga. Tolani ndodo youma, pindani maondo pang'ono, pondani chammbali pamene pali timiyala toterereka, osathamanga olo mwana atakuputani mpikisano. Mangitsaninso zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo. Ngati maondo ayamba kale kuwawa musachite manyazi, imbirani takisi kapena kabaza uja pa Ku Chawe pomwepo pamene netiweki imagwira. Apa mpamene mugule masitirobere opita nawo kunyumba, ndi mbatatesi ngati ilipo, muike pamwamba pa chikwama osati pansi.

Mukafika kunyumba imbirani munthu munamuuza uja kuti mwafika, sambani madzi ofunda, muyang'ane m'miyendo ndi m'masokosi ngati simunatenge nkhupakupa mu udzu. Mawa lake ntchafu zidzawawa, makamaka potsika masitepe, zimatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Ine gulu langa tikukonza zopitanso Loweruka loyamba la May, tidzakumana pa depoti 6 koloko, ndipo ulendo uno mayi anga anena okha kuti akufuna akaone damu, nde tidzakwera pa takisi mpaka pa Ku Chawe nkuyenda nawo pang'onopang'ono kuchokera pamenepo.